Sabata Imene Ndinakweza Amuna Anga Paphiri

Lolemba

Afika! Maova-ova anga afika!

Yamikani, mwana wanga amene amalondera pafakitale ina ku Joni, sananame. Katoni ndailandira m'mawa uno kudepoti kuno ku Balaka, yokulungidwa ndi selotepi ngati mwendo wothyoka. M'kati mwake:

- maova-ova anayi akuda bii, aja amapachika alonda m'chiuno
- matchaja anayi
- kabuku ka Chizungu, zilembo zake ngati nyerere zakufa
- masokosi a bambo ake, kuti asadandaule

Loweruka lino Tadala, mwana wa achimwene anga, akukwatiwa, ndipo ine azakhali ake andipatsa mpando wa mayendedwe. Mkwati ndi Lukasi, mnyamata wofatsa bwino, koma kwawo ndiye nkhani. Mudzi wake uli kuseri kwa mapiri a ku Machinga, kutsidya kwa Shire. Foni kumeneko imagwira pamalo amodzi okha, pachulu chili pafupi ndi mjigo. Ukawaimbira umangouzidwa kuti nambala sikupezeka, pokhapokha mwini wake atakhala kuti waima pachulupo. Ndiye amalume ake a Lukasi, Che Bwanali, anenetsa kuti mkwati agona kumudzi, adzabwera palole ndi abale ake onse m'mawa wa tsikulo.

Bambo mfumu nawonso anenetsa. Misa naini koloko, chifukwa leveni koloko pali ukwati wina. "Wochedwa adzadikira mwezi wamawa." Ananena akumwetulira, koma aja sachita nthabwala.

Pulani yanga:

1. Ova-ova imodzi kwa ine. Dzina langa pamenepo: Likulu.
2. Ina kwa Che Bwanali, palole.
3. Ina kwa Nasibeko, mnzanga wogulitsa naye zitenje kumsika, amene akuyang'anira ophika kuholo.
4. Yotsala kwa bambo a Yamikani. Ntchito yawo sindinaipeze, koma ndikawamana akwiya.

Pakatoni alemba kuti mawu amafika makilomita makumi asanu. Kwa Che Bwanali sikupitirira pamenepo.

Tayesa madzulo ano. Ine kukhitchini, abambo kuseri kwa khola la nkhuku. Umadina batani la m'mbali n'kulankhula, ukamaliza umati "ova" n'kulisiya kuti mnzako ayankhe. Mawu awo amveka ngati ali pakhutu panga penipeni: "Likulu, nkhuku imodzi ikuoneka yozyolika, ova." Thupi lonse tsembwe!

Alamu anga, mayi a Tadala, abwera kudzaona. Aitembenuza uku ndi uku ngati akugula nsomba yadzulo. "Zabwino, alamu. Bola zisadzatichititse manyazi."

Kavuto kakang'ono: mapulagi a ku Joni ndi a mano obulungira, masoketi athu ndi a makona. Adaputa m'nyumba muno ndi imodzi. Tizitchaja mosinthana. Si nkhani!

Lachiwiri

Tsiku loyesa patali. Ine pabenchi langa kumsika, abambo pakabaza kulowera njira ya ku Liwonde. Zotsatira:

- pageti la msika: akumveka bwinobwino
- pasiteshoni ya sitima: akumveka, koma ngati wina akukazinga chimanga pambali pawo
- kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu: "...nga ...ko ...va"
- pafilingi: zii

Ndakuwa "Likulu, Likulu!" mpaka mayi wina amene amafuna chitenje cha maluwa anachisiya n'kumapita cham'mbuyo. Abambo abwera patatha ola lathunthu. Wakabaza anawafikitsa mudzi wachitatu, iwo akulankhula okha njira yonse. "Ndakufotokozerani zonse, mpaka mbuzi zimene tinakumana nazo."

Makilomita makumi asanu? Awiri sanakwane.

Ndakhala pabenchi, ndikungopotoza kachitsulo ka pamwamba chifukwa chosowa chochita. Tchanelo sikisi, phokoso. Seveni, phokoso. Eyiti. Naini...

"Ntaja, Ntaja, mwandimva?"

"Ndakumvani bwana, kuno zonse zili bwino."

Ntaja! Kenako wina wayankha ali ku Phalula. Wina pafupi ndi mlatho ku Liwonde. Onse akumveka ngati akhala pansi pa benchi langa. Ndi alonda a kampani inayake, akupereka malipoti kwa bwana wawo.

Ndiye kuti katoni sinaname. Tinali pa tchanelo yolakwika basi! Naini ndiye ya patali!

Ndadina batani. "Zikomo abambo, ndine Likulu kuno ku Balaka, mwandimva? Ova." Palibe. Angopitiriza zawo. Ndayesanso mwaulemu wonse, mpaka kunena "odi." Palibe. Kachitatu ndatchula ndi mfunda wanga womwe. Amuna asanu ndi mmodzi, osapezeka ndi mmodzi yemwe wolandira moni wa mzimayi wamkulu ngati ine. Analeredwa kuti anthu amenewa?

Komabe nkhani zawo n'zokoma. Wa ku Phalula chipewa chake cha yunifolomu chapita ndi kamvulumvulu, bwana akuti alembe lipoti. Wa ku Ntaja akupempha tchuthi chifukwa mkazi wake ali kuchipatala kodikira, bwana akuti palibe womulowa m'malo. Pofika foro koloko pabenchi panga padzaza amayi a tomato ndi a usipa, onse makutu tcheru. Nasibeko akuti, "Ameneyu ndi mwana wake woyamba, ndamvera mawu ake."

Zitenje zogulitsidwa lero: chimodzi.

Lachitatu

Tayesa tchanelo naini m'mawa. Abambo afikanso pafilingi n'kusowa chimodzimodzi. Alonda a ku Ntaja ndikuwamva, amuna anga a pafilingi osawamva. Ufiti wanji umenewu?

Ndanyamula zonse kupita nazo kwa a Matewere. Anagwira ntchito ya mawayilesi kunjanji zaka zambiri, pano amakonza mafoni ndi mawayilesi pakhonde lina pafupi ndi siteshoni. Amvetsera nkhani yanga yonse akusenda mtedza. Kenako atola msomali n'kuyamba kujambula mapiri pansi.

Zimene ndaphunzira, ndilembe zisanauluke:

1. Maova-ova anga amalankhulana okhaokha, molunjika, panambala imodzi. Dzina lake akuti simpulekisi. Mawu ake amayenda ngati kuwala kwa tochi: akakumana ndi chinyumba kapena phiri, athera pomwepo. Makilomita a pakatoni aja ndi a munthu amene waima pansonga ya phiri, mnzake pansonga ina, pakati popanda kanthu.

2. Alonda aja ali ndi chimakina pamwamba pa phiri, dzina lake ripita. Imamva timawu tofooka ta kaova-ova ka ku Ntaja, nthawi yomweyo n'kutibwereza mwamphamvu kuti dera lonse limve. Ndiye kuti dzulo sindimamva munthu wa ku Ntaja. Ndimamva phiri.

3. Ripita ili ndi khutu ndi pakamwa, ndipo manambala ake ndi osiyana. Imamvera nambala ina, kulankhulira ina. Tchanelo naini yanga ija yagwera panambala ya pakamwa. "Inu mayi dzulo mumakuwira m'kamwa mwake," atero a Matewere. "Munaonapo munthu akumva ndi pakamwa?"

Alonda aja si amwano ayi. Sanandimve n'komwe. Ndawapepesa mumtima, onse asanu ndi mmodzi.

A Matewere atulutsa chiwayilesi chawo chachikulu kuti ndione ndekha. Aika nambala ya kukhutu. Kukungomveka mlonda mmodzi yekha, wa pafilingi pompano, chifukwa ndiye ali pafupi nafe: "Eya bwana... iyayi bwana... ine chipewa sindinachione bwana." Womuyankha osamveka. Ngati munthu wozungulira mutu akulankhula ndi mtengo. Abwezera kunambala ya pakamwa, onse awiri akumveka, wofunsa ndi woyankha. Zodabwitsa!

Ndawanong'oneza kuti andiikire nambala ya kukhutu m'maova-ova angawa. Loweruka lokha, maola atatu basi. Avula magalasi. "Ripita ija ili ndi eni ake, ndipo ali ndi chiphaso cha boma. Ilinso ndi kiyi wake, siitsegulira aliyense. Ngati mukufuna kukadyera ukwati kupolisi, nenani."

Nanga kugula yanga? Anditchulira mtengo. Ndapempha madzi akumwa.

Ndatuluka chimanjamanja. Koma nditafika panjanji, nzeru yandibwerera ngati chiphaliwali. Ripita n'chiyani? Chinthu chokhala paphiri, chokhala ndi khutu ndi pakamwa, chomva uku n'kunena uko. Ine kunyumba ndili ndi munthu wa makutu awiri, pakamwa posatopa, ndi ova-ova yopanda ntchito!

Ndabwerera chothamanga. A Matewere aseka mpaka kutsamwa ndi mtedza. Akuti zitheka. Panjira ya ku Liwonde pali kaphiri kamene ukakwera umaona Balaka kuno, mapiri a ku Machinga uko. "Koma mayi, ripita yeniyeni siwonjezera mawu ake."

Abambo anaphunzitsa sitandade foro zaka makumi atatu. Ukawafunsa nthawi amayamba ndi mbiri ya wotchi. Komabe ndawauza kuti udindo wawo ndi waukulu kuposa wa tonse, popanda iwo ukwati kulibe. Avomera asanamve kuti ndi paphiri.

Lachinayi

Eyiti koloko ndawatsitsa patsinde pa kaphiri kaja. Katundu wawo: ova-ova, ambulera, botolo la thobwa, kampando kopinda. Ayang'ana m'mwamba, ayang'ana ine. "Kuchokera mumsewu kamaoneka kakang'ono."

Nasibeko watsala kumsika ndi yake. Ine minibasi mpaka ku Liwonde, kuwoloka mlatho, minibasi ina, kenako njinga yamoto mumsewu wafumbi umene wandisunthira impso zonse kumbali imodzi.

Che Bwanali ndi munthu wamtali, wa mkanjo woyera, waulemu wochititsa manyazi. Ova-ova ailandira ndi manja awiri. Ndawaonetsa batani. Adina, akonza pakhosi, ayamba ndi moni wa Chiyao: "Ajimwiche uli?" Afunsa za m'nyumba, za ana, za ku Joni, za mvula, za mwendo wa achimwene anga, chala chili pabatani osachoka. Mphindi khumi. Kenako anditembenukira. "Sakuyankha."

Ndawafotokozera kuti ukadina sumva, ukafuna kumva usiye. Njira ndi imodzi, podutsa ndi mmodzimmodzi ngati pamlatho wa mtengo. Asiya batani. Sakuyankhabe.

- pakhonde pawo: zii
- kuseri kwa mzikiti: zii
- padimba: zii, komanso ndaponda m'matope
- pamjigo: kukazinga chimanga kuja kwayamba

Pofika apa theka la mudzi likutitsata pambuyo. Ndikuyenda ova-ova ili m'mwamba ngati ndanyamula mtanda wa pa Lachisanu Loyera. Kukwera pang'ono, kukweranso...

"Likulu, Likulu, ndakumvani! Ova!"

Nthungululu! Amayi akuwomba m'manja, Che Bwanali akugwedeza mutu. Ine ndayang'ana pansi kuti ndione pamene ndaima.

Pachulu. Chulu chomwe chija.

Pambali panga mayi wina akulankhula pafoni ndi mwana wake wa ku Lilongwe, bwinobwino, osakuwa. Che Bwanali ayang'ana mayi uja, ayang'ana ine. Munthu woleredwa ndi woleredwa basi. Angoti, "Mashaala. Nayonso yachikonda chuluchi."

Izi alamu anga asadzamve.

Komabe Loweruka lole ikangotuluka kuseri kwa mapiri tizimvana njira yonse. Ndikudziwa, pamsewu foni nayonso imagwira. Sindikufuna kuganizira zimenezo lero.

Tayesa kupatsirana uthenga. Nasibeko kumsika anangoti, "Mwafika bwino?" Zimenezi ndazidziwa madzulo nditamufunsa. Zimene zandipeza pachulu ndi izi: "Likulu, a Nasibeko akupereka moni wamafuta kwa inu ndi kwa onse a m'mudzimo, akufunsa za ulendo wanu, ndipo ine ndiwonjezerepo kuti kuno kuli chimphepo, thobwa latha, komanso pali anyani awiri amene akhala akundiyang'ana kuyambira teni koloko. Wamkuluyo ali ndi maganizo oipa. Ova."

Abambo ndawatenga foro koloko. Ambulera yatembenuka. Koma m'minibasi auza aliyense kuti iwo ndi ripita.

Lachisanu

Lero ndilembe mwachidule, mutu ukugunda.

Teni koloko, kuyesa komaliza. Abambo paphiri, Che Bwanali pachulu, ine kutchalitchi ndikumanga maluwa. Uthenga wanga, mawu asanu ndi limodzi: "Mpingo ukufuna mkwati pofika eyiti koloko."

Abambo ayankha patapita kanthawi: "Akuti amva." Ndakondwa. Mwachidule chonchi, ayamba kuphunzira!

Thwelofu koloko alamu anga atulukira pakhomo la tchalitchi, foni m'manja, nkhope ngati kukubwera mvula ya matalala. Che Bwanali awaimbira ali pachulu. Uthenga umene unawafika ndi wakuti akuchikazi akufuna mpunga, matumba eyiti, mkwati asanafike. Akufunsa kuti pachinkhoswe zimenezi bwanji sizinanenedwe. Akufunsanso ngati Lukasi akukwatira mwana mmodzi kapena boma lonse la Balaka. Azakhali ake a Lukasi akuti ayamba kale kumasula mitolo imene anamanga ya paulendo.

Mpingo. Mpunga. Chimphepo cha paphiri.

Ndapepesa kwa mphindi makumi awiri. Pafoni. Pafoni ya alamu anga, iwo ataima pomwepo manja m'chiuno. Ndagwada ngakhale Che Bwanali samandiona. Pomaliza aseka pang'ono, akuti abwera, Inshaala.

Abambo atatsika ndawafunsa kuti matumba anachokera kuti, poti ine sindinatchule thumba. "Ndinamva mpunga, ndinamva eyiti. Mpunga suyenda wopanda thumba. Ndinaona kuti n'zomveka, anthu ndi ambiri." Nanga yankho la Che Bwanali? "Linali lalitali, komanso la mawu olemera. Ndinalifupikitsa kuti musakhumudwe."

Ndawakhazika pansi. Mawa mawu azibwerezedwa momwe alili. Osachotsa, osawonjezera, osakometsa. Alumbira atagwira pamtima.

Zina za lero:

- Ova-ova ya Nasibeko yafa. M'mawa wonse inali pa tchanelo naini. Mkazi wa mlonda wa ku Ntaja wachira, mwana wamkazi! Akuti msika wonse unaimba nthungululu mpaka oyang'anira msika anabwera kudzaona ngati kwabuka moto. Amayi a tomato akufuna kutumiza chitenje, koma sakudziwa dzina la munthuyo, amangomudziwa kuti Namba Sikisi.
- Magetsi azima thu koloko, abwera dzuwa litalowa.
- Adaputa ikadali imodzi.
- Ya Che Bwanali ili kumudzi kopanda magetsi. Akuti amaizimitsa n'kuikulunga m'nsalu.

Ya Nasibeko ndaichotsa pamndandanda. Ophika adziwa okha nthawi ya mpunga. Ayi, mawu amenewo asatchulidwenso m'nyumba muno.

Loweruka

Hafu faifi. Abambo anyamuka pakabaza, atavala suti ndi tayi. Tagwirizana kuti lole podutsa idzaima patsinde pa phiri n'kuwatenga. Che Bwanali akudziwa.

Hafu sikisi. "Likulu, anyamuka. Ova." Mawu awiri okha! Ndikanakhala pafupi ndikanawapsompsona pamaso pa anthu.

Kota pasiti seveni. Ndili pakhomo la tchalitchi. Kwaya ikuyeserera pakhonde. Tadala ali m'galimoto pansi pa mtengo, wokongola moti sindikutha kumuyang'ana nthawi yaitali. Alamu anga aima pambali panga. Ova-ova ndaikweza mawu mpaka kumapeto kuti aliyense aone kuti zikuyenda.

"Likulu, kukumveka ng'oma ndi nyimbo zokhazokha. Ndikaitana sakuyankha. Ndikuganiza kuti Che Bwanali akhalira batani. Ova."

Akhalira batani. Ndiye kuti iwo sangamve aliyense, koma zonse za palole zikupita kuphiri.

Hafu seveni. "Likulu, nyimbo zasiya, amayi akucheza. Ndibwereza momwe zilili, monga munandilamulira. Wina akuti: azakhali a mkwatibwi ndi aja anabwera ndi chidole chija, aja a mpunga. Wina akuti: aja kukwera pachulu ngati mbuzi, msinkhu wonse uja. Akuseka. Ova."

Kwaya yasiya kuimba. Alamu anga akuyang'ana kumwamba, milomo ikugwedera.

"Wina akuti: koma bola azakhaliwo amaseka. Mayi ake a mwanayo nkhope ngati alawa bwemba, Lukasi akalimba ndi apongozi amenewo. Ova."

Milomo ya alamu yasiya kugwedera. "Zimitsani chinthucho!" Ndafikira kachitsulo. Andigwira dzanja. "Iyayi, dikirani. Timve kuti ndani."

Kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi atatu ine ndi alamu anga taweramira chinthu chimodzi, mitu itagundana.

Faifi pasiti eyiti. Mawu a abambo asintha. "Likulu, kwamveka kuphulika. Amayi akukuwa. Sindikudziwa ngati... ova-ova yanga ikulira tii, tii..."

Zii.

Ndaitana. Ndaitananso. Batire lawo latha. Lole yodzaza anthu, amayi ndi makanda kumsana. Alamu aimbira Lukasi, foni ikungoitana osayankhidwa. Ya Che Bwanali sikupezeka, anaisiya kumudzi chifukwa ine ndinawauza kuti ova-ova ndi yokwanira. Ine ndi pakamwa pangapa.

Tadala watsitsa galasi la galimoto. "Azakhali, afika?" Ndati ali pafupi, mwanawe.

Ndayamba kupotoza kachitsulo. Seveni. Eyiti. Naini.

"...pafupi ndi geti lathu lino, bwana, kungowoloka mlatho. Lole yaukwati yaphulika tayala lakumbuyo. Palibe wavulala, amayi atsika, ayamba kale kuvina m'mbali mwa msewu. Mkwati tamuimitsira njinga yamoto, wakwera ndi mdala wina wa mkanjo."

"Namba Foro, zaukwati zisiyeni, yang'anani geti."

"Chabwino bwana. Koma suti yake ndi yabwino bwana."

Ndakhala pansi pamasitepe, diresi langa latsopano ndi fumbi lomwe. Alamu akhala pambali panga. Batani sindinalikhudze. Kukuwira m'kamwa ndinasiya Lachitatu.

Teni thu naini. Mlonda wa pafilingi: "Bwana, mkwati uja wadutsa pano, tayi ikuuluka kumbuyo, mdala wagwira chisoti ndi dzanja limodzi."

"Namba Thu, ndati chiyani za ukwati?"

Faifi thu naini, njinga yamoto yalowa pageti la tchalitchi. Atatu panjinga imodzi. Lukasi watsika miyendo ili tang'a, Che Bwanali atsika ngati atuluka m'ndege, mkanjo uli woyera mbee. Bambo mfumu ayang'ana wotchi yawo nthawi yaitali, kenako akodola kwaya.

Ukwati wamangidwa! Tadala ponena malonjezo mawu ake sanagwedere ngakhale pang'ono. Ine ndalira mpaka mpango kunyowa.

Lole yafika thwelofu koloko ndi tayala lobwereka, yalunjika kuholo. Amayi a ku Machinga atsika akuimba. Ine ndi alamu tawalandira ndi manja awiri, tikumvetsera mawu a aliyense kuti tidziwe wa bwemba ndi uti. Kenako takumbukira kuti ife tinamva zonse m'mawu a abambo. Sitidzamudziwa.

Kuvina, kudya, kuvinanso. Che Bwanali avina ndi mapewa okha koma holo yonse yaimirira.

Hafu thu. Woyendetsa mwambo waitana achibale mmodzimmodzi kuti ajambulitse ndi akwati. "Tsopano azakhali a mkwatibwi pamodzi ndi amuna awo!" Ndaimirira. Ndatembenukira mpando wa pambali panga. Pali chikwama cha Nasibeko.

Mayo ine!

Amene amadziwa zoima patsinde pa phiri ndi Che Bwanali okha, ndipo iwo anadutsa panjinga yamoto maso ali pamsewu. Dalaivala wa lole palibe anamuuza.

Ndatuma wa njinga yamoto yemwe uja. Akuti anawapeza pamwamba penipeni, atakhala pakampando kawo, jekete atafunda kumutu chifukwa cha dzuwa, ova-ova yakufa ili pakhutu. Afika kuholo foro koloko itadutsa, anthu akusanjikiza mipando. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Angoti, "Ndimadikira kuti Likulu linene kuti nditsike."

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita ndekha. Abambo mapazi ali m'beseni la madzi amchere, khosi lapsa ndi dzuwa mpaka pamene panalekezera kolala.

Kubwalo la tchalitchi nkhani ndi yoti maova-ova anapulumutsa ukwati. Alamu anga akuuza aliyense kuti iwo ndiwo anati tisazimitse. Sindinatsutse. Mayi wina wa m'kwaya wandifunsa ngati ndingadzathandize paukwati wa mwana wake mwezi wamawa, mkwati ndi wa ku Chiuta. Ndati ndipemphera kaye.

M'katoni mwabwerera maova-ova awiri. Yachitatu Che Bwanali apita nayo, akuganiza kuti inali mphatso, ndipo ine pambuyo pa nkhani ya Lachisanu ndilibe nkhope yokaitanitsa. Azilankhula ndi ndani kuseri kwa mapiri kuja, sindikudziwa. Yachinayi Nasibeko waitenga, akuti msika sungagone osadziwa dzina la mwana wa Namba Sikisi.

Yamikani waimba masana. "Amayi, zinagwira ntchito?" Ndati zinagwira, mwanawe. Akuti atumiza ena anayi. Ndamuuza kuti ulendo uno atumize bulangete.

Abambo tsiku lonse sanandilankhule. Munthu amene amapereka moni kwa mbuzi, lero chete. Nyumba ikumveka ngati ya eni ake. Tiyi ndawapatsa, alandira. Mafuta opaka pakhosi, alandira. Chakumadzulo ndatulutsa chidutswa cha keke chimene ndinabisa m'chikwama dzulo, chophwanyika mbali imodzi. Ndawaikira pambale yabwino ija ya alendo.

Adya pang'ono, maso ali m'beseni. Kenako, motsitsa mawu: "Tadala anaoneka bwanji?"

Ndakoka mpando. Ndayamba pachiyambi penipeni: diresi, chophimba kumaso, atsikana operekeza, nyimbo yolowera, mmene achimwene anga anapunthwira pakapeti, mmene Lukasi ankapukutira thukuta ndi tayi. Ndikufotokoza zonse mwadongosolo, ndi manja omwe, mpaka kuimirira kuti ndiwaonetse mayendedwe a mkwatibwi.

Pofika pa mphete ndatembenuka. Agona, kukamwa kuli yasa, mapazi akadali m'madzi.

Keke yotsalayo ndamaliza ndine.